Kuika nano pa seva ndi kuisamala kuti isakusokonezereni mafayilo

Mwalowa mu seva yatsopano kudzera pa ssh (njira yolowera mu seva muli kutali), mukufuna kungosintha mzere umodzi mu `/etc/hosts`. Mwalemba `nano /etc/hosts`, ndipo yankho labwera nthawi yomweyo: `-bash: nano: command not found`. Palibe chimene chawonongeka. Maseva ambiri, makamaka amene anachotsedwa zonse zosafunika ndiponso ma container a Docker (timalo todzipatula toyendetseramo mapulogalamu), amabwera ali mbulanda, opanda pulogalamu yolembera kupatula vi, ndipo ena alibe ngakhale vi yemweyo.

Kuika nano, edita kapena kuti pulogalamu yolembera ndi kusintha mafayilo, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Chimene chimafuna mutu ndi zotsatira zake: kumene iziika mafayilo osungira, ndani aziitsegula ndi mphamvu zotani, ndi zimene muchite intaneti ikaduka muli pakati posintha fayilo yofunika. Ndithera nthawi yambiri pamenepo.

Ndasankha nano chifukwa ndi yaing'ono, imapezeka m'nkhokwe za mapakeji za pafupifupi Linux aliyense, ndipo malamulo ake amaoneka pansi pa sikirini, moti munthu amene sanaigwirepo angathe kutulukamo popanda kufunsa. Anailemba ndi Chris Allegretta mu 1999 kuti ilowe m'malo mwa Pico, edita ya pulogalamu ya maimelo yotchedwa Pine ya ku University of Washington, imene chilolezo chake sichinkapereka ufulu wokwanira woisintha ndi kuigawa. Poyamba dzina lake linali TIP, inasintha kukhala nano mu 2000, ndipo mu 2001 inalowa mu GNU. Akatswiri a Vim, edita yochokera ku vi, angakuuzeni kuti nano ndi ya ana. Alekeni. Pa seva nthawi zambiri mumasintha mizere itatu n'kutuluka, simulemba buku.

Choyamba, dziwani seva imene mwaimapo

Lamulo loikira limadalira mtundu wa Linux, choncho musaganizire. Lembani:

`cat /etc/os-release`

Yang'anani mizere ya `ID` ndi `VERSION_ID`. Mukaona debian kapena ubuntu, mugwiritsa ntchito apt. Mukaona fedora, rhel, rocky kapena almalinux, ndi dnf. Alpine ndi apk, Arch ndi pacman. Kenako onani ngati nano ilipo kale:

`command -v nano`

Likangobwerera osanena kanthu, ilibe. Likaonetsa njira monga `/usr/bin/nano`, ilipo, ndipo `nano --version` ikuuzani vesheni yake. Nambala imeneyi muisunge m'mutu, tiifuna kutsogoloku.

Kuika

Pa Debian ndi Ubuntu:

`sudo apt update`

`sudo apt install nano`

Lamulo loyambalo silisintha pulogalamu iliyonse, limangotenga mndandanda watsopano wa mapakeji amene alipo. Anthu amalidumpha, kenako n'kudabwa ndi uthenga woti `Unable to locate package nano`. Pa seva yatsopano kapena mu container mndandandawo umakhala wopanda kanthu, ndiye apt sidziwa kumene ingatenge chilichonse.

Uthenga wina umene mungakumane nawo ndi woti `Could not get lock /var/lib/dpkg/lock-frontend`. Tanthauzo lake ndi loti apt ina ikugwira kale ntchito, kawirikawiri ndi unattended-upgrades imene imadzuka yokha seva ikangoyatsidwa. Dikirani mphindi zingapo, yesaninso. Pa intaneti mupeza malangizo oti mufufute fayilo ya lokoyo. Musatero. Mukaifufuta pamene dpkg, pulogalamu imene apt imagwiritsa ntchito poika mapakeji, ili mkati molemba, mungasiye mapakeji ali theka, ndipo kukonza kwake n'kotopetsa kuposa kudikira.

Pa Fedora, RHEL, Rocky ndi AlmaLinux:

`sudo dnf install nano`

Pa Alpine ndi `apk add nano`, ndipo ngati mukufuna kuti zolemba zizioneka ndi mitundu muwonjezere `nano-syntax`, chifukwa kumeneko anazilekanitsa. Pa Arch ndi `sudo pacman -S nano`.

Ngati muli kale root, mwini mphamvu zonse pa seva, monga zimakhalira mu container, chotsani mawu oti sudo, amene ntchito yake ndi kukubwerekani mphamvu za root. Nthawi zambiri sudo yomweyo imakhala kulibe.

Kuti muone zimene pakeji yabweretsa, lembani `dpkg -L nano` pa Debian ndi Ubuntu, kapena `rpm -ql nano` kumene kuli dnf. Mndandanda ndi wautali chifukwa cha mafayilo a zinenero zosiyanasiyana, koma zofunika kwa ife ndi zitatu: pulogalamu yeniyeniyo, fayilo ya `/etc/nanorc`, ndi foda ya `/usr/share/nano/` mmene muli mafayilo opereka mitundu ku zolemba.

Nanga seva imene siloledwa kutuluka pa intaneti? Pezani kompyuta ina ya Linux wofanana ndendende, mtundu womwewo, vesheni yomweyo, purosesa yofanana. Kumeneko lembani `apt download nano`, mutenge fayilo ya `.deb` imene yatsikayo, muitumize ndi scp (lamulo lokopera mafayilo kudzera pa ssh), kenako pa seva paja mulembe `sudo apt install ./nano_*.deb`. Kadontho ndi kamzere kopendekera koyambirirako n'kofunika, ndi kamene kamauza apt kuti ndi fayilo ya pomwepo, osati dzina loti ikafune kunkhokwe. Mukatenga pakeji ya vesheni ina ya Linux idzadandaula za malaibulale osagwirizana.

Yesani kaye pa fayilo yopanda ntchito

Musaphunzirire pa `sshd_config`, fayilo ya makonzedwe a ssh. Lembani `nano /tmp/kuyesa.txt` ndipo mulembemo chilichonse. Pansi pa sikirini pali mizere iwiri ya malamulo. Chizindikiro cha `^` chikuimira batani la Ctrl, ndipo `M-` chikuimira Alt. Ndiye `^X` ndi Ctrl pamodzi ndi X, simulemba kachizindikiroko.

Kusunga ndi Ctrl+O, kenako Enter kuvomereza dzina la fayilo. Ambiri amaganiza kuti O ndi yotsegulira, koma kuno ndi yosungira. M'mavesheni atsopano Ctrl+S imasunganso, osafunsa dzina. Kutuluka ndi Ctrl+X, ndipo ngati pali zosasungidwa ikufunsani Y kapena N. Kudula mzere wonse ndi Ctrl+K, kuumata pena ndi Ctrl+U. Mukadula mizere ingapo motsatizana, osasuntha, yonse imamatidwa limodzi. Kufufuza mawu ndi Ctrl+W, kusintha mawu ena ndi ena ndi Ctrl+\ . Mukalakwitsa, Alt+U imabweza zimene mwangochita, Alt+E imazibwezeretsanso. Ctrl+G imatsegula tsamba la thandizo.

Chimodzi chimene chimapulumutsa nthawi: pulogalamu ikakuuzani kuti cholakwika chili pa mzere wa 47, musayende ndi mivi kuwerenga mizere. Tsegulani ndi `nano +47 dzina-la-fayilo`, mufika pomwepo. Mukawonjezera `-l` manambala a mizere amaoneka kumanzere. Ngati mukungofuna kuwerenga osasintha kanthu, `nano -v` imatsegula fayilo koma siilola kulembamo.

Pali msampha kwa amene amalowa mu seva kudzera pa terminal ya mu browser. Kumeneko Ctrl+W siifika kwa nano, browser imaigwira n'kutseka tsamba lonse, inu muli mkati mwa ntchito. Gwiritsani ntchito F6 pofufuza. Kapena dinani Esc kawiri kenako W: mu nano, Esc kawiri imagwira ntchito ya Ctrl, ndipo Esc kamodzi imagwira ntchito ya Alt. Kuyambira pa nano 8.0 ya mu 2024, Ctrl+F nayonso imayamba kufufuza.

Nano ikakana kutseguka n'kunena kuti `Error opening terminal`, vuto si nano, ndi loti seva siikudziwa mtundu wa terminal imene mukugwiritsa ntchito. Lembani `export TERM=xterm` ndipo yesaninso. Kuti zitheretu, pa Debian ndi Ubuntu ikani pakeji ya `ncurses-term`. Ndipo ngati zilembo monga ŵ zikuoneka zachilendo, onani zimene `locale` ikunena. Mufuna imene ikuthera ndi UTF-8, mwachitsanzo `export LANG=C.UTF-8`.

Makonzedwe: fayilo ya nanorc

Nano imawerenga kaye `/etc/nanorc`, imene imakhudza aliyense pa seva, kenako imawerenga yanu, `~/.nanorc` kapena `~/.config/nano/nanorc`. Zanu zimapambana za onse. Ine ndimasiya ya ku `/etc` mmene inabwerera, pokhapokha ngati seva ndi yanga ndekha. Anzanu sanakupempheni kuti muwasinthire edita, komanso mukaisintha, pokweza pakeji mudzafunsidwa mafunso amene tikambe pansipa.

Tsegulani `nano ~/.nanorc` ndipo mulembe mizere iyi:

`set linenumbers`

`set constantshow`

`set autoindent`

`set softwrap`

`set tabsize 4`

`set positionlog`

Woyamba umaonetsa manambala a mizere nthawi zonse. Wachiwiri umaonetsa pansi pa sikirini pamene muli mu fayilo. `autoindent` imayambitsa mzere watsopano pamene wapamwambawo unayambira. `positionlog` imakumbukira pamene munalekezera, moti mukatsegulanso fayilo yomweyo mumafikira pomwepo. `softwrap` imapinda mizere yaitali kuti ioneke yonse pa sikirini, koma mu fayilo mzerewo umakhalabe umodzi.

Mawu omalizawo muwamvetse bwino, chifukwa pali kupinda kwina kumene kumawononga. Nano yakale, isanafike 4.0 imene inatuluka mu 2019, inkadula mizere yaitali mu fayilo momwemo, n'kuikamo mzere watsopano weniweni. Pa kalata zilibe vuto. Pa fayilo ya `authorized_keys`, mmene kiyi yonse ya ssh iyenera kukhala pa mzere umodzi, kiyi yoduka pakati ndi kiyi yakufa. Ndiye ngati `nano --version` inakuonetsani 2 kapena 3, monga 2.3.1 imene ili pa CentOS 7, zolowerani kutsegula ndi `nano -w`, kapena lembani `set nowrap` mu nanorc. Pa Debian 12 ndi Ubuntu 24.04, kumene kuli 7.2, nkhawa imeneyi palibe.

Kusiyana kwa mavesheniku kumatanthauzanso kuti nanorc imene mwaikopera kuchoka pa seva yatsopano kupita pa yakale ingakhale ndi mizere imene yakaleyo siidziwa. Nano idzatsegukabe, koma idzadandaula za mizereyo. Ichotseni, kapena ikani `#` kumayambiriro kwake.

Za `set tabstospaces` ganizani kaye. Imasandutsa Tab kukhala mipata. Pa mafayilo a YAML, monga a netplan kapena a Docker Compose, zimenezi n'zothandiza, chifukwa YAML imakana Tab poyambitsa mzere. Koma Makefile imafuna Tab yeniyeni, ndipo mukaipatsa mipata make imakana kugwira ntchito. Mukaiyatsa, kumbukirani kuti Alt+V kenako Tab imalowetsa Tab yeniyeni.

Ngati zolemba sizikuoneka ndi mitundu, onjezerani `include "/usr/share/nano/*.nanorc"`. Pa Debian ndi Ubuntu mzerewu unayatsidwa kale mu `/etc/nanorc`.

Tsopano za mafayilo osungira. Pali `set backup`, imene poiwerenga imamveka yanzeru kwambiri: nthawi iliyonse mukasunga, nano imasiya kope la fayilo yakale pambali, dzina lomwelo koma lothera ndi `~`. Ine ndinaiyatsa ndi mtima wonse. Tsiku lina usiku ndinasintha `/etc/nginx/sites-enabled/default`, fayilo ya nginx (pulogalamu yoperekera mawebusaiti), kusintha kochepa, mzere umodzi. Ndinalemba `nginx -t` kuti ndiyese makonzedwewo, ndipo inakana, ikuti pali `duplicate default server`. Ndinatsegula fayiloyo kanayi, ndinaiwerenga mzere ndi mzere, mawu oti `default_server` anali pamene ayenera kukhala, osabwerezedwa. Ndinabweza zimene ndinasintha, inakanabe. Patapita nthawi ndinawerenganso uthengawo pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo dzina la fayilo imene inkadandaula linali `default~`. Kamchira kameneko maso anga ankangokadumpha. Nginx imawerenga chilichonse chimene chili mu foda imeneyo, ndiye kope limene nano inandisiyira linkatengedwa ngati fayilo yachiwiri ya makonzedwe.

Kumeneko ndinangotaya tulo. Zoopsa zenizeni zili mu foda ya webusaiti. Mukasintha fayilo ya PHP imene muli pasiwedi ya database, kope lake lothera ndi `.php~` silitengedwanso ngati PHP, ndipo seva ingathe kulipereka kwa aliyense amene walemba dzinalo mu browser, pasiwedi ili poyera. Alipo mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti kufunafuna mayina otere.

Choncho mukafuna makope, auzeni kokhala. Pangani foda kaye:

`mkdir -m 700 ~/.nano-makope`

Kenako mu nanorc:

`set backup`

`set backupdir "~/.nano-makope"`

Makope onse azipita mmenemo, lililonse ndi dzina lake losonyeza kumene linachokera, ndipo latsopano silifufuta lakale. Foda iyenera kukhalapo nano isanatsegulidwe, apo ayi imakana kuyamba n'kunena kuti `Invalid backup directory`. Ichi ndi chifukwa china chosaikira mizere imeneyi mu `/etc/nanorc`: mnzanu amene alibe fodayo adzapeza nano yake ikukana kutseguka osadziwa chifukwa. Nthawi ndi nthawi muziisesa, chifukwa imadzaza ndipo mumakhala zinsinsi zakale. Ndipo kuti muone ngati munasiyapo timichira kwina kale, lembani `sudo find /etc /var/www -name '*~'`.

Kuiuza seva kuti edita yanu ndi nano

Mapulogalamu ena amakutsegulirani okha edita: `crontab -e`, `visudo`, `git commit`, `systemctl edit`. Ambiri amayang'ana zimene mwaika mu `VISUAL` ndi `EDITOR`. Onjezerani mizere iwiri iyi kumapeto kwa `~/.bashrc`:

`export EDITOR=nano`

`export VISUAL=nano`

Kenako `source ~/.bashrc`, kapena tulukani n'kulowanso. Ikani zonse ziwiri, chifukwa mapulogalamu ena amayamba kuona `VISUAL`.

Debian ndi Ubuntu ali ndi njira zinanso ziwiri. `select-editor` imakupatsani mndandanda, mumasankha nambala, ndipo chisankhocho chimalembedwa mu `~/.selected_editor`, cha inu nokha. `sudo update-alternatives --config editor` imasinthira seva yonse, ndiye ngati muli angapo, funsanani kaye. Fedora inaika nano kukhala edita yoyambirira kuyambira pa Fedora 33 mu 2020, ndiye kumeneko mwina simufunika kuchita kanthu. Git ili ndi makonzedwe akeake amene amapambana enawo: `git config --global core.editor nano`.

sudo nano kapena sudoedit

Pafupifupi aliyense amalemba `sudo nano /etc/chakuti`. Zimagwira ntchito, koma taonani zimene zikuchitika. Edita yonse ikuyenda ngati root. Pa maseva ambiri ikuwerenga nanorc ya root, osati yanu, n'chifukwa chake manambala a mizere amene munayatsa aja amasowa mukaika sudo patsogolo. Ndipo kuchokera mkati mwa nano munthu angathe kutsegula fayilo ina iliyonse, ngakhale kuyendetsa malamulo. Ndiye mukapatsa mnzanu chilolezo cha `sudo nano` poganiza kuti mwamupatsa fayilo imodzi, mwamupatsa seva yonse.

Njira yabwino ndi iyi:

`sudoedit /etc/hosts`

Sudo imakopera fayiloyo pamalo akanthawi, imakutsegulirani kopelo ndi edita yanu, inu muli inuyo, ndi nanorc yanu. Mukasunga n'kutuluka, ndi pamene imabwezera zosinthazo pa fayilo yeniyeni. Edita imene imatsegula imachokera mu `SUDO_EDITOR`, `VISUAL` kapena `EDITOR`, choncho zimene tachita pamwambapa zikugwiranso ntchito apa. Dziwani kuti Ctrl+O yokha siisintha fayilo yeniyeniyo, muyenera kutuluka.

Sudoedit ili ndi makani ake. Imakana fayilo imene ndi symlink chabe (yongoloza ku fayilo ina), ndiponso fayilo imene ili mu foda imene inu muli ndi ufulu wolembamo. Ikakana za mu `sites-enabled`, ikukuchitirani zabwino: fayilo yeniyeni ili mu `sites-available`, pitani kumeneko. Kukanakhala kuti ndinachita zimenezi usiku uja, bwenzi nditagona msanga.

Fayilo ya `/etc/sudoers` musaitsegule ndi nano mwachindunji, ngakhale ndi sudoedit. Gwiritsani ntchito `sudo visudo`. Imatsegulabe edita, koma potuluka imayamba yaona ngati zimene mwalemba zikumveka, ndipo ikapeza cholakwika imakufunsani chochita. Dinani `e` kuti mubwerere kukakonza. Chilembo chimodzi cholakwika mmenemo chingakulandeni sudo, ndipo kuti mukonze mufunika sudo yomweyo.

Kusintha fayilo pa seva imene anthu akuigwiritsa ntchito

Ndondomeko imene ndimatsatira ndi yomweyomweyo nthawi zonse. Ndimayamba ndi kope la pamanja, kunja kwa foda imene pulogalamu imawerenga:

`sudo cp -a /etc/ssh/sshd_config /root/sshd_config.lero`

Kenako ndimasintha. Ndikatuluka ndimayerekeza ndi `sudo diff /root/sshd_config.lero /etc/ssh/sshd_config`, kuti ndione ngati ndasintha zokhazo zimene ndimafuna. Chala chimatha kugunda batani osazindikira, n'kusiya chilembo chosokera pamzere woyamba. Kenako ndimayesa: `sudo sshd -t` pa ssh, `sudo nginx -t` pa nginx, `sudo apachectl configtest` pa Apache. `sshd -t` ikangokhala chete, zili bwino. Ndikatero ndi pamene ndimalemba `systemctl reload`.

Pa ssh pali chinthu chinanso chimodzi chimene simuyenera kuiwala. Mukasintha makonzedwe ake, musatseke windo limene mwalowera. Tsegulani lina, yesani kulowanso. Likalola, tsekani loyamba lija. Likakana, loyambalo ndiye khomo lokhalo limene latsala, konzerani mmenemo. Pa makonzedwe a netiweki ya Ubuntu, `sudo netplan try` imachita zofanana yokha: mukapanda kuvomereza m'masekondi 120, imabwezera zakale.

Intaneti ikaduka muli mkati mwa nano, zimene munalemba nthawi zambiri sizitayika. Nano imayesetsa kuzisunga mu fayilo ya dzina lomwelo lothera ndi `.save`, ndipo likakhalapo kale imalemba `.save.1`. Mukalowanso ifunefuneni, muiyerekeze ndi yeniyeniyo, mutengemo zofunika, kenako muifufute, chifukwa vuto lija la `~` likukhudzanso iyi. Koma kupewa n'kosavuta: ikani tmux, pulogalamu imene imasunga ntchito yanu ikuyendabe ngakhale mwaduka, lembani `tmux` musanayambe ntchito, ndipo mukaduka n'kulowanso, `tmux attach` ikubwezerani nano yanu ili pomwe munaisiya.

Nthawi zina potsegula fayilo nano imanena kuti wina akuisintha kale, n'kutchula dzina lake ndi nambala ya PID, nambala yozindikiritsa pulogalamu imene ikuyenda. Zimachokera ku `set locking`, imene Debian ndi Ubuntu amayatsa kale, ndipo imasiya kafayilo kobisika kothera ndi `.swp`. Musathamangire kudina Y. Onani kaye ndi `ps -p` ndi nambalayo. Ikapezeka kuti ikuyenda, ndi mnzanu kapena ndi inu nomwe pa windo lina limene munaiwala, ndipo mukasunga nonse awiri, womaliza amafufuta za woyamba. Ikapezeka kuti kulibe, ndi loko yotsalira pamene munaduka paja, pitirizani.

Fayilo yochokera pa Windows imabwera ndi mathero a mizere osiyana ndi a Linux. Nano imakuuzani potsegula kuti `Converted from DOS format`, ndipo posunga imaibwezera mmene inabwerera. Ngati ndi script ya bash, idzakana kuyenda ndi uthenga wa `bad interpreter` wokhala ndi `^M`. Pokonza, dinani Ctrl+O, ndipo musanadine Enter dinani Alt+D kuti mawu oti DOS achoke pamzere wofunsa dzinawo, kenako Enter.

Kukweza, kuimitsa, kuchotsa

Nano imakwezedwa limodzi ndi mapakeji ena mukalemba `sudo apt upgrade` kapena `sudo dnf upgrade`. `apt policy nano` imaonetsa imene muli nayo ndi imene ilipo kunkhokwe. Kukweza iyo yokha ndi `sudo apt install --only-upgrade nano`. Musadabwe kuti vesheni ya pa seva yanu ndi yotsalira poyerekeza ndi imene yatuluka kumene. Debian ndi Ubuntu LTS amasunga vesheni imodzi mpaka mapeto, amangoikamo zigamba za chitetezo. Sindikulangizani kuimanga nokha kuchokera ku source chifukwa chongofuna nambala yaikulu: ikakhala mu `/usr/local/bin`, apt siidziwa, ndipo zigamba zonse zikhala udindo wanu.

Ngati munasintha `/etc/nanorc`, pokweza dpkg ingakufunseni ngati isunge yanu kapena iike yatsopano. Dinani D kuti muone kusiyana kwake. Mukasunga yanu, yatsopanoyo imaikidwa pambali ndi dzina lothera ndi `.dpkg-dist`. Kumene kuli dnf simufunsidwa, mumangopeza fayilo yothera ndi `.rpmnew`.

`sudo apt-mark hold nano` imaimitsa kukweza, `unhold` imamasula. Ilipo, koma pa edita sindiona chifukwa chake, ndipo amene amaimitsa amaiwala kumasula.

Kuchotsa ndi `sudo apt remove nano`, imene imasiya `/etc/nanorc`, kapena `sudo apt purge nano`, imene imachotsa ndi iyo yomwe. Kwina ndi `sudo dnf remove nano` kapena `apk del nano`. Werengani mndandanda wa zimene zichotsedwe musanavomere. Za mu foda yanu palibe amene amazikhudza: `~/.nanorc`, foda ya makope, `~/.selected_editor`, ndi mizere ija ya `EDITOR` mu `~/.bashrc`. Mukaiwala mizereyo, `crontab -e` ndi `git commit` zidzayamba kufuna nano imene kulibe.

Mu container, nano imene mwaika pamanja imapita container ikapangidwanso. Ngati mumaifuna nthawi zonse, ilembeni mu Dockerfile, ngakhale kunena zoona fayilo ya mu container imayenera kusinthidwira kunja n'kumanganso.

Musanachotse nano, onani ndi `command -v vi` kuti pali china chotsalira. Ndipo tsiku lina mudzapezeka pa seva yodwala imene ilibe intaneti, ilibe nano, vi yokha, edita imene Bill Joy anayamba kuilemba mu 1976. Kumeneko dinani `i` kuti muyambe kulemba, Esc kuti musiye kulemba, `:wq` ndi Enter kuti musunge n'kutuluka. Mukaona kuti mwasokoneza ndipo sikirini yadzaza zilembo zimene simunazifune, dinani Esc kawiri, lembani `:q!`, dinani Enter, fayilo ikhala mmene munaipezera, ndipo muyambirenso.